Matayala a summer ndi kukula kwa limu: zoyenera kudziwa woyendetsa galimoto ku Salima ndi ku Nkhotakota

Pamalo ovalitsira matayala ku Kamuzu Road ku Salima, kapena pa boma la Nkhotakota, pali mafunso awiri amene sachedwa kumveka. Wina amafunsa ngati tayala limene wogulitsa akuti ndi la summer lingayende mvula ikayamba mu December. Wina wabwera ndi malimu onyezimira a mainchi 17 ochokera ku Lilongwe, ndipo akuganiza kuti tayala lililonse lolembedwa 17 likwana basi. Mayankho a mafunso onse awiriwa analembedwa kale pa tayala ndi pa limu pomwepo, kungoti amafuna munthu wodziwa kuwawerenga.

Summer si chilimwe chathu

Chisokonezo chimayambira pa mawu. Ife chaka timachigawa potengera mvula: dzinja ndi chilimwe. Ndiye munthu akamva kuti pali matayala a summer ndi a winter, amaganiza kuti oyambawo ndi a nthawi youma, enawo ndi a nthawi ya mvula. Opanga matayala ku Ulaya ndi ku Japan sagawa choncho. Iwo amayang'ana kuzizira. Malire amene amagwiritsa ntchito ndi pafupifupi madigiri 7: kukatentha kuposa pamenepo, kaya msewu ndi wouma kaya wonyowa, ndi ntchito ya tayala la summer. Kukazizira kuposa pamenepo, mpaka madzi kuundana pamsewu, ndi ntchito ya tayala la winter.

Chifukwa chake chili mu mphira. Tayala limagwira msewu chifukwa mphira yake imalowerera m'timabowo ndi timiyala ta phula. Taganizirani nsima. Yotentha bwino imamata kudzanja, koma mkute wa dzulo ndi wouma, sumata kanthu. Mphira ya summer ikazizidwa kwambiri imakhala ngati mkutewo. Mphira ya winter anaipanga yofewa kale kuti isaume m'chisanu, ndiye ikafika pa phula la October imafewa mopitirira, ngati nsima yomwe yatsala pang'ono kukhala phala.

Tayala loyamba la winter linapangidwa ku Finland mu 1934 ndi kampani yomwe lero imadziwika kuti Nokian. Mu 1977 Goodyear inatulutsa Tiempo, tayala lofuna kugwira ntchito nyengo zonse, ndipo mtundu umenewu ndi womwe umatchedwa all-season. Ku Japan kale ankaika misomali m'matayala a m'chisanu, koma misomaliyo inkakanda msewu n'kudzutsa fumbi loipa m'mizinda, mpaka boma linakhazikitsa lamulo loletsa mu 1990. Kuchokera pamenepo kunafala matayala ofewa opanda misomali otchedwa studless.

Mbiri ya ku Japan imeneyi ikutikhudza kwambiri, chifukwa galimoto zambiri zoyenda m'misewu yathu zimachokera kumeneko, ndipo zina zimafika zitavala studless. Matayala a kaunjika nawonso amakhala ndi ambiri otere, ndipo amakopa maso chifukwa mano ake amaoneka akuya. Kuwazindikira n'kosavuta. Pakhoma pamakhala mawu oti STUDLESS, kapena chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale mkati. Dzino lililonse limakhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota ngati tadulidwa ndi lumo. Mayina ofala ndi Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx, ndipo ambiri ali ndi chilembo cha liwiro Q, kutanthauza kuti asapitirire makilomita 160 pa ola. Pa phula lotentha mano ofewawa amapindika mukaponda buleki, galimoto imaima patali, imayandama pokhota, ndipo tayala limatha msanga.

Salima ndi Nkhotakota zili m'mphepete mwa nyanja, pamalo otsika ndi otentha. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo phula lenilenilo limatentha kuposa mpweya, moti simungaponde opanda nsapato. Ngakhale mwera uwombe bwanji mu June ndi July, kuzizira kofika madigiri 7 n'kosowa kuno. Kwa tayala, chaka chonse kunyanja ndi summer, kuphatikizapo miyezi ya mvula.

Nanga tayala la performance ndi chiyani?

Si tayala lililonse la summer lomwe lili la performance. Ambiri amene amabwera ndi Vitz, Fit kapena Demio ndi a summer wamba, opangidwa kuti akhalitse ndi kusunga mafuta. La performance analipanga kuti ligwire msewu mwamphamvu pokhota ndi poima. Mphira yake ndi yomata, mano a m'mphepete ndi akuluakulu komanso olimba, khoma ndi lalifupi ndipo silipindika wamba, ndipo chilembo chake cha liwiro chimakhala V, W kapena Y. Mayina odziwika ndi monga Michelin Pilot Sport, Bridgestone Potenza, Pirelli P Zero, Goodyear Eagle F1, Yokohama Advan ndi Hankook Ventus.

Matayala a khoma lalifupi anatchuka ndi Pirelli P7 ya m'ma 1970. Kusintha kwina kwakukulu kunabwera mu 1992, Michelin itayamba kugulitsa matayala okhala ndi silika wambiri mu mphira. Silika, yemwe amachokera ku mchenga, anathandiza kuti tayala lizigwira bwino msewu wonyowa popanda kudya mafuta ambiri. N'chifukwa chake tayala labwino la summer la masiku ano limaima bwino pa mvula kuposa studless.

Kugwira kumeneku kuli ndi mtengo wake. Mphira yomata imatha msanga. Pa matayala ambiri pamalembedwa TREADWEAR ndi nambala: a performance amakhala cha m'ma 200 mpaka 340, pamene okhalitsa amafika 500 kapena kuposa. Nambalayi ndi yothandiza poyerekeza matayala a kampani imodzi, chifukwa kampani iliyonse imadziyesera yokha. Pafupi pake pali TEMPERATURE yokhala ndi A, B kapena C, kusonyeza mmene tayala limapiririra kutentha, ndipo kwa woyenda masana mu msewu wa M5 chilembo A n'chofunika kuchifunafuna. Matayala atsopano opangidwira msika wa ku Ulaya amabweranso ndi kapepala kosonyeza kagwiridwe ka msewu wonyowa, kuyambira A mpaka E.

Povalitsa pali cholakwika chimodzi chofala. Matayala ambiri a performance ali ndi mbali yakunja ndi yamkati, ndipo mawu oti OUTSIDE ayenera kuoneka mukaima pambali pa galimoto. Ena ali ndi muvi ndi mawu oti ROTATION, ndipo muviwo uyenera kuloza kumene gudumu limazungulira galimoto ikamapita kutsogolo. Lotere likavalidwa chobwerera, ngalande zake sizitaya madzi mmene anazipangira.

Manambala a pakhoma

Titenge tayala lolembedwa 205/55 R16 91V.

205 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, kuchokera khoma lina kufika khoma lina. Si kutambalala kwa mano ogunda pansi, amene amakhala ocheperapo. 55 si mamilimita ayi, ndi maperesenti: kutalika kwa khoma ndi 55 peresenti ya 205, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 113. R akutanthauza radial, kapangidwe komwe Michelin inalembetsa mu 1946, komwe ulusi wa m'kati umadutsa chopingasa kuchokera mlomo wina wa tayala kufika mlomo wina. 16 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Mamilimita ndi mainchi akhalira limodzi pamzere umodzi chifukwa cha mbiri: muyeso wa malimu unakhazikika kale m'mainchi, pamene muyeso wa radial unafala kuchokera ku Ulaya.

91 ndi katundu amene tayala limodzi lingasenze, makilogalamu 615. Nambala 82 ndi makilogalamu 475, 88 ndi 560, 94 ndi 670. Chilembo chomaliza ndi liwiro: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270, Y ndi 300. Palibe amene ayenera kuthamanga chotere pakati pa Khombedza ndi Benga, koma chilembocho chimanenanso za mmene tayala limapiririra kutentha kwa m'kati. Nambala ya katundu ndi chilembo cha liwiro zisatsike kuposa zimene zalembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene amanyamula matumba a mpunga kapena madengu a usipa m'buti.

Funaninso manambala anayi omaliza pamzere umene umayamba ndi zilembo DOT. 2319 ndiye kuti tayala linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019.

Limu ili ndi miyeso iwiri, osati umodzi

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Anthu amati "limu ya 16" ngati kuti nkhani yathera pomwepo, koma 16 ndi kukula kozungulira kokha. Limu ilinso ndi kutambalala. Mukaitembenuza, kuseri kwa masipoko kapena m'kati mwake mupeza zolemba ngati 16x6.5J ET45. 6.5 ndi kutambalala m'mainchi, J ndi kaumbidwe ka mkombero pomwe mlomo wa tayala umatsamira. Muyesowu umatengedwa m'kati, pakati pa mikombero iwiri. Mukayeza ndi tepi kunja kwake mupeza pafupifupi inchi imodzi yoonjezera, ndipo mungagule tayala lolakwika chifukwa cha inchi imeneyo.

Kuti tayala la kampani ina likwane pa limu ya kampani ina, pali mabungwe oika miyeso: ETRTO ku Ulaya, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, JATMA ku Japan, ndi Tire and Rim Association ku America. Saizi iliyonse ya tayala anaipatsa limu yoyesera, yomwe amayezerapo kutambalala kwa tayalalo, komanso malire ovomerezeka a kutambalala kwa limu. Nazi saizi zofala kuno:

175/65 R14: limu ya mainchi 5 mpaka 6, yoyesera 5.
195/65 R15: 5.5 mpaka 7, yoyesera 6.
205/55 R16: 5.5 mpaka 7.5, yoyesera 6.5.
215/45 R17: 7 mpaka 8, yoyesera 7.
225/45 R17: 7 mpaka 8.5, yoyesera 7.5.
225/40 R18: 7.5 mpaka 9, yoyesera 8.

Onani kuti matayala a khoma lalifupi amafuna limu yotambalala kwambiri poyerekeza ndi kutambalala kwawo, chifukwa khoma lalifupi lilibe mpata wopindika kuti lifikire mkombero. Onaninso kuti 205 ija ndi yoona pa limu yoyesera pokha. Limu ikakula ndi theka la inchi, tayala limatambasuka ndi mamilimita pafupifupi 5, ndipo ikachepa limafinyika chimodzimodzi.

Tayala lotambalala pa limu yopapatiza lili ngati thumba lalikulu la makala pa keliyala yaing'ono ya njinga. Poyenda molunjika zimaoneka bwinobwino, koma pokhota thumba limatsalira mbali ina, kenako n'kutsatira mochedwa. Milomo ya tayala imafinyikira m'kati, pamwamba pake pamatukuka, pakati pokha ndi pomwe pamagunda msewu ndipo pamatha msanga. Mukapotoza chiwongolero galimoto imamva mochedwa. Munthu walipira ndalama za tayala la 225, koma mano ogwira pansi ndi ochepa kuposa a 205 lovalidwa pa limu yoyenera.

Tayala lopapatiza pa limu yotambalala ndi zimene achinyamata okonda galimoto amati stretch. Khoma limakokedwa ngati chikopa cha ng'oma chokungidwa mopitirira. M'kati mwa malire ovomerezeka, limu yotambalalako pang'ono imapangitsa chiwongolero kumva msanga, n'chifukwa chake ena amasankha 8 m'malo mwa 7.5 pa 225/45 R17. Kupitirira malire, mlomo wa tayala sukhala bwino pampando wake. Mpweya ukangochepa pang'ono, kapena mukagunda dzenje mukukhota, mlomo ukhoza kusuntha mpweya wonse n'kutuluka nthawi imodzi. Mkombero wa limu umatsalanso pamtunda, n'kumakhulika pa mwala uliwonse. Chizindikiro choyamba chimaoneka povalitsa pomwepo: tayala likakana kukhala pampando mpaka wovalitsa akufuna kupopa mpweya kupitirira 40 psi pa geji, kapena kuthira petulo m'kati n'kuyatsa moto, muimitseni. Njira zonse ziwirizi zimavulaza anthu, ndipo kawirikawiri zikusonyeza kuti tayala ndi limu sizikugwirizana, kapena kuti mlomo sunapakidwe sopo wokwanira.

Kukuza limu osakuza gudumu

Sipidomita, ABS (chipangizo choletsa magudumu kuumiratu mukaponda buleki mwamphamvu) ndi magiya zimawerengera kukula kwa gudumu lonse, tayala ndi limu pamodzi. Choncho limu ikakula, khoma liyenera kufupika kuti zonse pamodzi zikhale chimodzimodzi. Masamu ake ndi awa: kutalika kwa khoma kuchulukitsa kawiri, kuphatikiza kukula kwa limu m'mamilimita, inchi imodzi kukhala mamilimita 25.4.

Pa 195/65 R15 khoma ndi 126.75, kawiri ndi 253.5, limu ndi 381, zonse 634.5. Pa 205/55 R16 zimakwana 631.9. Pa 225/45 R17 zimakwana 634.3. Saizi zitatuzi ndi zapachibale, ndipo galimoto singadziwe kusiyana kwa kukula kwake. Akatswiri amalangiza kusapitirira 3 peresenti kuchokera pa saizi ya ku fakitale. Wina akatenga 225/55 R17 chifukwa ndi imene yapezeka, gudumu limafika mamilimita 679, kukula ndi 7 peresenti. Liwiro lenileni limakhala 7 peresenti pamwamba pa lomwe munazolowera pa sipidomita, galimoto imalemera pokwera mapiri a msewu wa M14 popita ku Lilongwe, ndipo tayala limakhula madigadi mukanyamula anthu kumbuyo.

Koma yang'aninso makoma aja: mamilimita 127 pa limu ya 15, 113 pa 16, 101 pa 17, ndipo 90 okha pa 225/40 R18. Khomali ndi limene limayamba kulandira dzenje, mashoko asanamve n'komwe. Likakhala lalifupi, m'mphepete mwa dzenje mumalipanikiza pa mkombero wa limu, ulusi wa m'kati umaduka, ndipo patapita tsiku kapena sabata pamatuluka chotupa ngati dzira. Chotupa chimenechi sichimatika ndipo sichichira. Ndi mpweya umene wadutsa ulusi woduka n'kutsamira pa mphira yokha, ndipo tayala lotere likhoza kuphulika nthawi iliyonse. Limu ya aloyi nayo ikhoza kupindika kapena kung'aluka. Aliyense amene amayenda msewu wa kunyanja mvula ikangotha akudziwa mmene m'mphepete mwa phula mumadyekera, ndi mmene umatsikira mwadzidzidzi popatukira lole ya shuga yochokera ku Dwangwa.

Pali miyeso ina itatu ya limu yosayenera kuiwala. ET, kapena offset, ikunena kuti limu yalowa m'kati kapena yatuluka kunja motani: nambala ikachepa limu imatuluka. Limu yotambalala ndi inchi imodzi pa ET yomweyo imaonjezera mamilimita 12.7 mbali iliyonse, ndiye mukavalitsa potozani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, muone ngati pali pokhula. PCD ndi chiwerengero ndi katalikirana ka mabowo a manati: Vitz, Fit ndi Demio ndi 4x100, Mark X ndi 5x114.3. Bowo lapakati nalo limasiyana, mamilimita 54.1 pa Vitz ndi 56.1 pa Fit. Likakula kuposa habu pamafunika mphete yodzazira mpata, apo ayi chiwongolero chikhoza kumanjenjemera ngakhale mutabalansa kangati.

Madzi, mchenga ndi mpweya

Mvula ya kunyanja imagwa yambiri nthawi imodzi, ndipo madzi amadikha m'mikwasa ya matayala a malole. Ntchito ya ngalande za tayala ndi kutaya madziwo msanga. Zikalephera, tayala limakwera pamwamba pa madzi, chiwongolero n'kupepuka ngati palibe chomwe mwagwira. Apa kutambalala sikuthandiza: tayala lotambalala lili ndi madzi ambiri oti liwakankhe, ndipo limayamba kuyandama msanga kuposa lopapatiza la mano ofanana. Latsopano limakhala ndi ngalande zakuya pafupifupi mamilimita 7 mpaka 8. M'ngalandemo muli timizere totukuka pa mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato tayala latha. Mukagula awiri okha, opanga matayala amalangiza kuti atsopanowo apite kumbuyo, chifukwa kutsetsereka kwa kumbuyo n'kovuta kukuwongola kuposa kwa kutsogolo.

Pa mchenga wa ku Senga Bay kapena m'matope a njira zolowa kumidzi, tayala la performance lilibe mphamvu. Mano ake ndi oyandikana, amadzaza msanga, ndipo khoma lalifupi silikulolani kuchepetsa mpweya kwambiri monga amachitira a matayala aatali.

Mpweya uyesedwe m'mawa tayala lisanayende. Galimoto za ku Japan zimalemba mu kPa: 230 kPa ndi 2.3 bar, pafupifupi 33 psi. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mpweya umakwera pafupifupi 0.1 bar, choncho geji ikaonetsa zambiri masana mutayenda ulendo, musaphwetse. Tayala lophwa pang'ono ndi limene limapindikapindika, kutentha m'kati, n'kuphulika. Tayala lolembedwa XL, kutanthauza lotha kusenza katundu wochulukirapo, limasenza katundu wake wonse pa 290 kPa, ndiye nthawi zina limafuna mpweya woposerapo pang'ono wa pa chitseko. Vuto la khoma lalifupi n'lakuti likaphwa silioneka ndi maso, geji yokha ndi imene inganene.

Pomwe anthu sanagwirizanebe

Pa nkhani yosankha limu ya 15 kapena ya 17, mbali zonse zili ndi mfundo. Woyenda M14 kawirikawiri amamva phindu la khoma lolimba pamakona a m'mapiri. Woyenda pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa amawerenga zotupa ndi malimu opindika. Ena amaima pa 16 ngati pakati, koma palibe nambala imodzi yokomera onse awiri.

Kachiwiri, tayala lichotsedwe liti? Michelin imanena kuti tayala labwino ligwiritsidwe ntchito mpaka mamilimita 1.6, pamene Continental yakhala ikulangiza kusintha pa mamilimita 3 chifukwa cha msewu wonyowa. Pa zaka naponso pali kusiyana: opanga matayala ambiri amati liziyang'aniridwa chaka ndi chaka likakwana zaka 5 ndipo lisapitirire zaka 10, pamene ena opanga galimoto amati zaka 6. Kutentha ndi dzuwa zimakalambitsa mphira msanga, ndiye funso n'lakuti ku Salima tiwerengere malire ati.

Funso lomwe limavuta kwambiri pa kauntala ndi la thumba. Ndi ndalama zofanana, munthu akhoza kupeza tayala latsopano la kampani yosadziwika, kapena la kaunjika la dzina lalikulu lomwe latha theka ndipo lili ndi zaka zisanu. Latsopanolo lili ndi mano onse ndi mphira yanthete, koma kagwiridwe kake pa mvula kamasiyana kwambiri kampani ndi kampani. Lakaunjikalo linapangidwa mwaluso, koma wogula saona maenje amene linagunda, mmene linasungidwira, kapena chigamba chomwe chili m'kati pokhapokha atalitembenuza n'kuyang'ana ndi tochi. Ovalitsa matayala odziwa ntchito amagawanika pa funso limeneli mpaka lero, ndipo mayeso otchuka oyerekeza matayala amachitikira m'mabwalo osalala a ku Ulaya, pa galimoto zosadzaza katundu, osati pa phula la November lokhala ndi mchenga m'mphepete.